Matabwa Oyang'ana Kukhoma

"Osamenya, alamu. Kwezani pang'ono, kenaka mukankhe ndi phewa. Chitseko chimenecho chimafuna kunyengerera."

Alamu anakweza, anakankha, chitseko n'kulira chikutseguka. Choyamba kutuluka linali fungo: penti, parafini ndi thabwa latsopano. Mayi Burashi anagwira khoma. Fungo limenelo ndi limene zaka zonse za ukwati wawo linkalowa m'nyumba madzulo mwamuna wawo asanalowe, ndipo lero linali litatuluka lokha, mwini wake ali pansi pa dothi.

Sabata inali isanathe chiikireni maliro a a Burashi. Mipando yobwereka inali itabwezedwa, ana akuluakulu atabwerera kutali kumene amagwira ntchito. Otsala ndi amene anaima m'mawa umenewo pakhomo la kachipinda kogwiriramo ntchito ka malemuyo, kuseri kwa malo ometera tsitsi: mayiwo, mwana wawo womaliza amene aliyense ankangomutchula kuti Mzime, wodwala pakati masiku atayandikira, ndi alamu, mng'ono wa malemu, wokonza mawayilesi ndi mafoni pakhonde la sitolo ya eni. Alamuwo maso awo anali atayamba kale kupima makoma. Musawaweruze msanga. Munthu amene wakalambira pakhonde, mvula ikumuthamangitsa ndi mawaya m'manja, akaona chipinda cha chitseko mtima wake umagunda mwina.

Dzina la Burashi anawapatsa malemuyo ndi anthu a mumsewu, poti kaburashi sikankachoka kuseri kwa khutu lawo lamanja, ndipo khutulo linkakhala labuluu tsiku lililonse, ngakhale pa ukwati wa mwana wawo. Anayamba ndi zikwangwani za masitolo: nsomba, nsapato, mitu yometedwa bwino. Koma amene anawatchukitsa ndi akufa. Munthu akamwalira, abale ake ankabwera ndi kachithunzi, mwina kodula pa chiphaso chakale, kosuluka ngati kanagwera m'madzi, a Burashi n'kumukulitsa munthuyo pathabwa kuti thabwalo likakhale pabalaza. Amoyo sankawajambula. Mpaka inasanduka nthabwala ya mumsewu wonse: a Burashi akakuyang'ana kawiri, pita kwa kalipentala ukapimitse bokosi.

Inali nthabwala kwa ena. Mayi Burashi sankaseka nayo. Ali mtsikana, ukwati ukadali wauwisi, anapeza amuna awo akuwayang'anitsitsa pensulo ili m'manja, ndipo anawauza mosapsatira mawu: "Tsiku limene mudzandiike pathabwa ndikupuma, mudzapeza ndamanga katundu. Ine kapena mwana wanga aliyense." A Burashi anaseka, anabweza pensulo m'thumba, n'kulonjeza. Anali munthu wosakonda phokoso. M'mawa ankatuluka m'nyumba nsapato zili m'manja n'kukazivalira panja, kuopa kudzutsa anthu.

Ndipo anafanso chimodzimodzi, osadzutsa munthu. Sanadandaule mutu, sanagone m'chipatala. Anangogwa pamsewu masana dzuwa likuswa mtengo, chitini cha penti chili m'manja. Banga labuluu likadalipo pamenepo, ndipo oyenda pansi amalilambalala.

"Tiyambe ndi za eni ake," anatero alamu atalowa.

Pakhoma panatsamira matabwa omalizidwa, odikira kudzatengedwa: agogo ena a chipewa, mphunzitsi wina wa tayi, ndi wogulitsa nyama wa pamsika amene anamwalira mwezi wathawo. Onse anali akumwetulira, kumbuyo kwawo kuli thambo labuluu lopanda mtambo.

"Awa tiwatumire uthenga abale awo adzatenge," anapitiriza alamu. "Zitini ndi maburashi tiona wozifuna. Kabatiyi ichoke. Ikachoka, tebulo langa... ndikutanthauza tebulo lililonse, lingakwane bwinobwino apa."

"Tebulo lanu lipume kaye, bambo aang'ono," anatero Mzime. "Bambo sanazizire n'komwe."

"Ine ndikungonena, mwanawe. Chipinda sichilira maliro."

Ndi Mzime amene anaona nsalu yakale ya pawindo ikulendewera kuseri kwa kabati. Anaikoka, fumbi n'kubuka. Kumeneko kunali matabwa ena atatu, akuluakulu kuposa enawo, atayang'anitsidwa kukhoma ngati ana olakwa.

"Nanga awa ndi a ndani?"

"Tembenuza tione," anatero alamu.

Mzime anatembenuza loyamba.

Pathabwapo panali munthu wamwamuna, mutu utagwera chagada, maso otseka, kukamwa kuli yasaa. Alamu anayandikira, anawerama, kenaka anabwerera chafutambuyo mpaka anagunda tebulo, botolo la maburashi n'kugwa.

"Ameneyu ndani?" anafunsa.

Mphuno imene inali pathabwa ndi yomweyo inali pankhope pawo.

"Mayo ine! Alamu, achimwene anandipha! Ndikuyenda chonchi ndine mtembo!"

Mzime anatembenuza lachiwiri ngati munthu amene dzanja lake likuchita zake. Anali iye mwini, atagona chammbali, maso otseka, mimba ili apo. Sanakuwe. Anangotsetsereka n'kukhala pasimenti, manja onse awiri atakumbatira mimba, milomo ikuyenda popanda mawu.

Lachitatu Mayi Burashi anatembenuza okha. Ankadziwa kale. Anaona mpango wawo wobiriwira, anaona maso otseka ndi chibwano chogwera pachifuwa, basi, sanayang'anenso. Analibweza kukhoma msangamsanga ngati lawaotcha.

"Ndinkanena ine," anatero alamu, thukuta lili kamukamu. "Ndinkanena kuti munthu wocheza ndi akufa tsiku ndi tsiku mapeto ake sakhala abwino. Atiika pamzere, alamu. Iwo atsogola, ife tili pambuyo. Ndipo taonani, ayamba ndi ine!"

"Ayamba ndi inu chifukwa thabwa lanu ndilo linali kunja," anatero mayi. Mawu awo anatuluka ouma, ngati a munthu wina.

"Kunja kapena mkati, ndilipo! Mwana wa mayi mmodzi, bere limodzi! Ndinawalakwira chiyani? Wayilesi yawo ndinkawakonzera ulere!"

"Amayi," Mzime ananong'ona ali pansi pomwepo. "Mwanayu... Bambo anaona chiyani pa ine? Anaona chiyani chimene sanandiuze?"

Mayi anafuna kunena kuti bambo ako sakanachita zimenezo. Sakanachita bwanji, matabwa ali apo?

"Moto," anatero alamu. "Lero lomwe. Wamkulu wotsala pabanja pano ndine, ndipo sindingalole kuti mdzukulu wanga abadwe zinthu izi zikadalipo."

"Mawa," anatero mayi.

"Alamu, zinthu ngati izi sizigonetsedwa."

"Ndati mawa. Lero miyendo yanga yakana."

Khoma la pakati pa kachipindako ndi malo ometera linali lopyapyala, ndipo wometa tsitsi amakhala ndi makutu ambiri kuposa mitu imene amameta. Pamene atatuwo ankatseka chitseko, nkhani inali itafika kale kumsika. Mayi wogulitsa tomato, amene dzana lomwelo anali kutsuka nawo mbale pamaliro, anawapatsa moni maso ali pansi. Wina anakokera mwana wake kumbali. Mwamuna wa Mzime, woyendetsa lole, anaimba foni ali kutali kuti mkazi wake asagonenso m'nyumba imeneyo, akakhale kwa apongozi ake mpaka matabwawo atapsa.

Dzuwa likupendeka, mayi anakhala pampando wawo pakhonde la kuseri kwa nyumba. Pafupi panali kampando ka amuna awo, kothimbirira ndi penti wa mitundu yonse. Pamenepo ndi pamene a Burashi ankamwera tiyi akaweruka, osayankhula zambiri, akungoyang'ana mkazi wawo akusoka. Mayi ankayesa ndi chikondi cha munthu wachete. Tsopano kuyang'ana kulikonse kunawabwerera ngati chakudya chokana m'mimba. Kodi pamene ndinkati akundiyang'ana, ankandipima? Chaka chatha pamene ndinagona ndi chifuwa, iwo atakhala pambali pa bedi dzanja langa lili m'manja mwawo, ankaloweza mmene nkhope yanga idzagwere? Ine mwina, poti ndakalamba ndipo pakamwa panga sipanali pophweka. Koma Mzime? Mwana amene ankamunyamula paphewa n'kumulola kuviika zala m'zitini?

Misozi imene sabata yonseyo inkatuluka yokha inauma. Kulira munthu n'kosavuta. Chovuta n'kusadziwa amene ukumulirayo.

Mzime anabwera ndi kapu ya tiyi, maso atatupa, chikwama chake chitamangidwa kale pakhomo.

"Amayi, lero sanagunde."

"Ndani?"

"Mwanayu. Chichokereni kuja, ali zii."

"Nawe sunadye chilichonse. Agunde ndi mphamvu yanji?" anatero mayi, n'kuika kapu pansi. Anadzuka, ananyamula kampando kaja n'kukakaika kuseri kwa chitseko kumene sakanakaona.

"Ziyake," anatero. "Kawauze bambo ako aang'ono. Mawa ziyake zonse."

Kuseri kwa mzere wa masitolo kunali mgolo wodula wootchera zinyalala. Alamu anafika m'mawa ndi botolo la parafini ndi machesi, atavala jekete ngati akupita kumlandu. Matabwa atatu aja anawanyamula nkhope zitayang'ana kumbali, Mzime akuwatsatira chapatali. Mayi anakana kupita kumgolo. Anatsala m'kachipinda kuti azipereka matabwa omalizidwa kwa eni ake.

Woyamba kufika anali mkazi wa wogulitsa nyama uja, mayi wa thupi lake, wa mawu omveka kutsidya la msika. Anapepesa maliro, anakumbatirana, analira pang'ono aliyense akulira wake. Kenaka mlendoyo anaona thabwa la mwamuna wake.

"Ha! Mayi Burashi, amuna anu anali abodza, Mulungu awakhululukire!" Anaseka misozi ikutsika. "Uyu ndi mwamuna wanga uyu? Mlomo uja unang'ambidwa ndi nyanga ya ng'ombe uli kuti? Mano awa anawabwereka kwa ndani? Wanga anatsala ndi a kumbali okha. Nyama ankagulitsa, koma iye ankadya chiwindi. Ndipo suti! Munthu amene anatsala pang'ono kukwatira atavala epuloni! Ndikanakumana naye ali chonchi, bwenzi nditamuberekera ana ena asanu."

"Ndi mmene ankachitira," anayankha mayi osaganiza n'komwe, dzanja likupukuta fumbi pathabwalo ndi kansanza. Mawuwo anali a amuna awo. Anali atawamva kambirimbiri akuuza ofedwa. "Ankati wakufa sakhala ndi chipsera. Zipsera ndi za amoyo, poti ndiwo akadali kugundana ndi dziko. Wakufa umuveke bwino, umupatse thambo kumbuyo, umutsegule maso kuti aziona ana ake aku..."

Anaima. Kansanza kanagwa m'manja.

Umutsegule maso.

Anayang'ana wogulitsa nyama. Anayang'ana agogo a chipewa, anayang'ana mphunzitsi wa tayi. Onse anali kuwayang'ana. Zaka zonse zimene anakhala akulowa m'kachipinda kameneka, kubweretsa chakudya ndi kuthandiza kupaka penti woyera pamatabwa atsopano, sanaonepo wakufa wa amuna awo ngakhale mmodzi atatseka maso.

Utsi unalowa pawindo.

Mayi Burashi anali asanathamange chibadwire cha Mzime, koma tsiku limenelo anathamanga. Nsapato imodzi inatsala pakhomo.

"Alamu! Lekani! Ndati lekani!"

Mumgolo moto unali utayaka kale. Alamu anali atayamba ndi thabwa lawo, paja munthu amayamba wadzipulumutsa yekha, ndipo lachiwiri linali m'manja likudontha parafini. Mayi analitsomphola. Linali la iwo eni. Analitsamiritsa pakhoma pamene dzuwa linkawala bwino, ndipo kwa nthawi yoyamba analiyang'ana monga mmene thabwa limafunira kuyang'anidwa.

Padzanja lamanzere panali chipsera cha mafuta otentha, chija anapsa Mzime ali kumbuyo. Imvi zinali zitathawa mumpango kumbali imodzi. Makwinya onse analipo, ngakhale a pakhosi amene iwo ankabisa ndi kolala. Magalasi anali atatsetsereka mpaka pansonga ya mphuno, pakamwa patatseguka pang'ono mosakongola, ndipo pamiyendo panali malaya a amuna awo, singano ikadali yobaya pathumba, ulusi ukulendewera. Kumbuyo kunalibe thambo. Kunali khoma la pakhonde lawo lomwe lija, ndi mng'alu wake wokhotakhota, ndi mthunzi wa masana.

"Mzime, bwera kuno. Tembenuza lako. Uyang'ane mapazi."

"Amayi, sindingathe."

"Ndati uyang'ane mapazi."

Mzime anayang'ana ndi diso limodzi. Mapazi anali otupa, atasanjikidwa papilo monga ankachitira masana aliwonse. Patsaya panadinda mizere ya khushoni. Pafupi ndi dzanja lake panali nthochi yolumidwa theka.

"Unaonapo wakufa wa bambo ako ali ndi mapazi otupa? Unaonapo wosiya nthochi theka? Ine pano unaonapo anandichotsera khwinya ngakhale limodzi? Tili m'tulo, mwanawe. Tonse tili m'tulo. Bambo ako akufa sankawatseka maso."

Mzime anagwira pakamwa. Anayandikira, anatsegula diso linalo. Kenaka anadzidzimuka, anagwira mimba, n'kuyamba kuseka ndi kulira nthawi imodzi.

"Wagunda! Amayi, wandimenya chidendene!"

Alamu anayang'ana mayi, anayang'ana mgolo.

"Langa!"

Anavula jekete, anakulunga dzanja, anasolola thabwa m'moto n'kuyamba kulipondaponda pansi. Mutu ndi chifuwa zinali zitapita. Chotsala inali miyendo yotambasuka pabenchi: nsapato imodzi yovula, chala chachikulu chitasuzumira pachibowo cha sokosi, ndipo pansi pa benchipo kabotolo kobisidwa kuseri kwa wayilesi yomasula.

"Kameneko ndi ka mankhwala otsukira mawaya," anatero alamu wina asanafunse.

"Inde, bambo aang'ono," anatero Mzime.

Alamu anakhala panjerwa. Anayang'ana chala chija nthawi yaitali.

"Sokosi zimenezi anandipatsa ndi iwowo," anatero, ndipo nkhope yawo inaphwanyika ngati ya mwana. "Achimwene anaima pamenepo masana onse akundiyang'ana, ine ndikuliza mkonono. Ine n'kuotcha. Ndaotcha nkhope yanga ndekha."

Anthu anali atayamba kusonkhana. Mkazi wa wogulitsa nyama anabwera thabwa lake lili m'khwapa, nsapato ya mayi ili m'dzanja linalo. Wometa tsitsi anatuluka ndi lumo, kumbuyo kwake kasitomala wometedwa mbali imodzi.

"Nanga ankabisiranji?" anafunsa Mzime.

"Poti ndinawaletsa. Ndinati akadzandijambula ndidzachoka. Ndiye anadikira kuti ndigone." Mayi anapukusa mutu, pakamwa pakufuna kuseka. "Mbala ya munthu."

Koma kuseka sikunafike. Anayang'ananso malaya a pathabwa. Thumba limenelo analisoka miyezi yapitayi. Mimba ya Mzime nayo ndi ya chaka chomwechino. Munthu anasunga lonjezo mpaka tsitsi lake linathothoka, ana onse anakula, adzukulu anabadwa.

"Aliphwanyiranji tsopano?" anafunsa, osati kwa munthu aliyense.

Kumbuyo kwa anthu wina anatsokomola. Anali kalipentala wa pafupi, amene ankawadulira matabwa a Burashi, mkulu wamanyazi wa utuchi m'nsidze. M'khwapa mwake munali chinthu chokulungidwa m'mapepala a simenti.

"Mayi, ine ndakhala ndikuzungulira nacho ichi chiikireni maliro. Ndimafika pageti panu n'kubwerera. Koma nditaona utsi ndati ndikachedwanso ndidzasowa poyankha." Anaika chokulungidwacho m'manja mwa mayi. "Anabwera nacho mvula isanayambe kuti ndiike felemu. Anati, 'Usafulumire, mnzanga, koma usachedwenso. Ukadzamva, ukapereke kwa mayi.' Ine ndinati, ndikadzamva chiyani? Anangoseka. Paja nthabwala zawo zinali za pansipansi, ndiye ndinayesa ndi imodzi mwa izo. Koma ndinaona kuti anakhalitsa pabenchi asananyamuke, dzanja lili apa."

Anagwira pachifuwa.

Mayi anang'amba mapepala aja.

Anali a Burashi. Maso otsegula, owala. Suti yakuda imene sanakhalepo nayo, tayi, mano onse ali mbee, ngakhale lija linaguluka atagwa pamakwerero akulemba chikwangwani cha sitolo ya nsapato. Padazi panali patabwerera tsitsi. Nkhope yosalala, yopanda khwinya. Kumbuyo kwawo thambo labuluu lopanda mtambo.

Moto wokha mumgolo ndi umene unkathetheka.

"Ankadziwa," anatero Mzime. "Amayi, bambo ankadziwa."

Mayi anakhala pansi padothi pomwepo, thabwa lili pamiyendo. Mvula isanayambe! Ndiye kuti miyezi yonseyi munthu ankadya nawo mbale imodzi, ankafunda nawo bulangete limodzi, ankawafunsa ngati bondo lasiya kupweteka, imfa yake ili kwa kalipentala ikudikira felemu. Anakumbukira mmene ankaimira pakati pa njira n'kumati akuonera mbalame. Anakumbukira mmene anasiyira kukwera makwerero n'kumati zikwangwani zamutopetsa.

"Munthu woipa iwe," anauza thabwalo. Chikwatiranireni anali asanawatchulepo amuna awo kuti iwe. "Woipa! Ukanandigwedeza phewa. Ukanati dzuka, mkazi wanga, zinthu sizili bwino. Ndikanakukokera kuchipatala ndi khutu lako labuluulo. Ndikanakhala maso! Iwe n'kumakhala pakampando n'kumandijambula ndili yasaa ngati chitsiru!"

Palibe anawaletsa. Wometa tsitsi anabweza kasitomala wake mkati. Alamu anapukuta mphuno ndi jekete lopserera.

Mzime anagwada movutikira pambali pa mayi ake. Anayang'ana matabwa otsamira pakhoma, onse ali m'tulo ta masana, kenaka anayang'ana la pamiyendo, la munthu yekhayo amene anali maso atavala za ulendo.

"Nsapato m'manja," anatero motsitsa. "Amayi, bambo achoka nsapato zili m'manja."

Mayi anangogwira dzanja la mwana wawo n'kulifinya, ndipo misozi imene inauma dzulo inapeza njira yake.

Anthu atabalalika, alamu anabweza matabwa m'kachipinda, lawo lopserera analinyamula ndi manja awiri ngati dzira. Anawatsamiritsa pakhoma nkhope zitayang'ana kuchitseko. Za tebulo sanazitchulenso tsiku limenelo. Anatola maburashi amene anagwetsa dzulo lake n'kuwabwezera m'botolo limodzilimodzi.

Mayi anaimika thabwa la amuna awo patebulo, pafupi ndi windo. Anabwerera m'mbuyo, anapendeketsa mutu, analiyang'ana nthawi yaitali.

"Wakongola," anatero alamu. "Achimwene anadzikomera mtima."

"Uyu sindikumudziwa ine," anatero mayi. "Uyu ndi mwamuna wa mkazi wina."

Anafufuza pakati pa zitini mpaka anapeza cha penti wabuluu. Anachitsegula ndi msomali umene unkakhala pamenepo chifukwa cha ntchito yomweyo. Pamwamba penti anali atagwira kakhungu. Anakaboola ndi chala.

"Amayi, muwononga," anatero Mzime.

"Tikafika kunyumba ukatulutse kampando ka bambo ako kuseri kwa chitseko," anatero mayi osacheuka.

Anakweza chala chija n'kuchigusa pakhutu lamanja la munthu wa suti, pamwamba, pamene kaburashi kankakhala. Dontho lina linatsikira pakolala yoyera, ndipo analisiya. Anabwereranso m'mbuyo, anayang'ana, anagwedeza mutu. Kenaka anapukuta chala padiresi lawo lakuda, monga amuna awo ankachitira ndi malaya aliwonse amene mayiwo ankawachapira.